Nyemba za Captain zomwe ndinalawa ndine

Moni kwa nonse amene mwatchera khutu, kaya muli m'basi, kaya mukupumako kuntchito, kaya tulo takuthawani. Gawo lino ndikujambulira kukhitchini, ndiye mukamva ngati foni ikuitana kapena bambo wachikulire akutsokomola kumbuyo kwanga, musadabwe, si mlendo. Ndi Captain ameneyo, ndipo nkhani ya lero ndi yake.

Amene mwakhala mukundimvetsera mukudziwa kuti kuno ku England ndimasamalira agogo ena a zaka zopitirira 80, ndipo ndimagona m'nyumba mwawo momwemo. Chimene sindinakuuzeni n'choti m'nyumba muno ndili ndi mabwana awiri. Wachiwiriyo ndi Captain, chinkhwe cha mtundu wa African grey, chotuwa thupi lonse, mchira wofiira psuu, maso otumbuluka mwachikasu amene amakuyang'ana ngati uli ndi ngongole yake. Anachigula ndi malemu amuna awo a agogowa zaka zoposa 30 zapitazo, ndipo chifuwa chimene mungamvecho ndi cha malemuwo. Captain anachiloweza, ndipo mpaka lero amachibwereza m'mawa uliwonse. Agogo akachimva amayankha ngati mwini wake ali pomwepo. Ndiye mukhoza kuona nokha kuti mbalame imeneyi itafera m'manja mwanga, nkhani yake siingakhale ya mbalame chabe.

Nditangofika ndinkamumvera chisoni kuti mnzanga nayenso ali kutali ndi kwawo, poti zinkhwe zimenezi kwawo ndi kunkhalango za ku Congo, Cameroon, Gabon ndi maiko ena a chigawo chimenecho. Agogo anandiseka, n'kundionetsa kamphete kamene kali kumwendo kwake. Anaswedwa konkuno, nkhalango sanaionepo. Zinzake zam'tchire anthu anazigwira mopyola muyeso, moti mu 2016, pamsonkhano wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, umene unachitikira ku Johannesburg, maiko anagwirizana zoletsa malonda a zinkhwe za mtunduwu zogwidwa kutchire. Koma tisapite kutali, tibwerere ku nyemba.

Kwa zaka zonsezo Captain ankadya njere za mpendadzuwa ndi mtedza basi, m'mawa, masana, madzulo. Nthenga zake zinayamba kuoneka zofwifwa, ndipo tsiku lina anaterereka pakamtengo kake n'kugwera pansi m'khola. Tinathamangira naye kwa dokotala wa ziweto amene amadziwa za mbalame. Dokotalayo sanazungulire. Anati mpendadzuwa uli ndi mafuta ambiri koma vitamini A ndi kashiamu n'zochepa kwambiri, ndipo zinkhwe zotuwazi zimadziwika ndi vuto losowa kashiamu m'magazi, lomwe limatha kuzifooketsa miyendo ngakhale kuzikomola. Anatilembera kuti chakudya chake chenicheni chikhale ma pellet, timibulu ta chakudya cha kufakitale topangira zinkhwe, kuwonjezera ndiwo zamasamba, karoti, mbatata yofiira m'kati, ndiponso nyemba zophika pang'ono zosakaniza ndi mpunga kapena mbewu zina.

Chifukwa chosakanizira anandifotokozera bwino, ndipo ndinachikonda. Nyemba zili ndi zomanga thupi zambiri, makamaka kachigawo kotchedwa lysine kamene mu mpunga ndi mu tirigu ndi kochepa. Mbewuzo nazonso zili ndi methionine amene mu nyemba ndi wochepa. Ukaziphatikiza, china chimakwaniritsa pamene chinzake chaperewera, ndipo mbalame imene ikumeretsa nthenga zatsopano imafunika zomanga thupi zokwanira.

Ine nditamva mawu oti nyemba ndinaleka kumvetsera. Ndinadziuza mumtima kuti ma pellet ndi kashiamu mundiphunzitse, koma kuphika nyemba ayi, ndaphika nyemba moyo wanga wonse. Pepala limene anatipatsa ndinangolipinda n'kuliponya m'chikwama.

Vuto linali loti kukhitchini kwa agogo kuli chipangizo chimene ndinali ndisanagwiritsepo ntchito, amachitcha slow cooker. Ndi mphika wamagetsi umene umaphika pang'onopang'ono tsiku lonse, iwe uli pa zina. Kwa munthu amene akusambitsa nkhalamba, kuimwetsa mankhwala, kuchapa ndi kuyankha mafoni a ana ake, mphika umenewu ndi mpulumutsi. Ndinatenga nyemba zofiira zija, zooneka ngati impso, n'kuzitsuka, osaziviika n'komwe, n'kuzithira mumphikamo ndi madzi. Ndinapotokola kabatani kufika pa low, n'kumapita.

Chakumadzulo ndinavundukula. Fungo linali la nyemba ndithu, zitafufuma bwino. Ndinatapa supuni imodzi kuti ndione ngati zapsa. Zinali zolimbirako pakati, zija zimati khutchukhutchu pang'ono m'mano. Ndinatapanso ina, kenako ina, poti njala inalinso itandigwira. Ndinaganiza kuti kwa mbalame yomwe imaswa mtedza ndi mlomo, nyemba zolimbirako ndiye zabwino. Mwamwayi Captain anali atafunditsidwa kale nsalu yake yogonera, ndiye ndinaika kambale kake mufiriji kuti ndidzampatse m'mawa.

Pasanathe maola awiri m'mimba munayamba kupotokola. Abale anga, ndinasanza usiku umenewo mpaka ndinagwira khoma la kubafa, thukuta lili kamukamu m'nyumba yozizira. Kusanza kutaleka kunabwera kutsegula m'mimba. Agogo anadzuka ndi ndodo yawo n'kuima pakhomo la bafa, wosamalidwa akufunsa womusamalira ngati aitane ambulansi. Manyazi ake! Pofika m'bandakucha zinali zitadutsa, ndatsala wofooka ngati nsanza yonyowa. Nditatsegula firiji kufuna madzi, maso anga anagwera pa kambale kaja, kali phee kudikira mwini wake. Ndinakhala pansi pomwepo. Ine ndimalemera makilogalamu oposa 70. Captain salemera ngakhale theka la kilogalamu imodzi.

M'mawa umenewo ndi pamene ndinafunyulula pepala lija. Zinalembedwa poyera, ndi mzere pansi, kuti nyemba ziwire kwambiri ndipo mbalame isapatsidwe zaziwisi kapena zosapsa.

Mu nyemba zaziwisi muli poizoni wachilengedwe wotchedwa phytohaemagglutinin, dzina lotha mpweya, ena amangoti lectin ya nyemba. Amakakamira kukhoma la matumbo n'kusokoneza kagayidwe ka chakudya. Nyemba zofiira zija ndizo zili naye wochuluka kuposa zonse. Zoyera zofanana nazo zili ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mlingo umenewo. Kwa munthu wamkulu, nyemba zaziwisi zinayi kapena zisanu zokha n'zokwanira kumudwalitsa, ndipo zizindikiro zimayamba pakati pa ola limodzi ndi maola atatu, monga mmene zinandichitikira ine. Sindine woyamba kuno. Pakati pa 1976 ndi 1989, ku UK kunalembedwa zochitika 50 zimene anthu anadwala ndipo zimaganiziridwa kuti gwero lake ndi nyemba zimenezi.

Chimene chimapha poizoniyu ndi kuwira kwenikweni, madzi akubwata pa madigiri 100, kwa mphindi zosachepera 10. Bungwe la ku America loona za chakudya ndi mankhwala, FDA, limalangiza kuziviika maola osachepera 5, kutaya madziwo, kenako kuziwiritsa m'madzi atsopano kwa mphindi 30 kuti pasakhale chikaiko. Apa ndi pamene mphika uja unandipusitsa. Pa low umatha kutenthetsa nyemba tsiku lonse osafika pobwata, ndiye zimafufuma, zimanunkhira, zimaoneka zakupsa, koma poizoni ali momwemo. Moyo wanga wonse ndinkawiritsa nyemba pamoto waukali osadziwa kuti kubwata kuja kunkandipulumutsa. Ndinkangoona ngati ndikufewetsa basi.

Tsopano ndikuuzeni mmene ndimachitira, poti ndikudziwa kuti ena mwa inu mukugwira ntchito m'nyumba zokhala ndi mbalame ngati izi. Ndimaviika nyemba usiku wonse, ndipo mbale yoviikiramo ndimaivundikira n'kuiika m'kabati, chifukwa Captain akatuluka m'khola amayendera khitchini yonse ngati woyang'anira, ndipo nyemba yoviikidwa ndi yaiwisi ndithu ngakhale yafewa. M'mawa ndimataya madziwo, kutsuka, kuthira ena, n'kuwiritsa mwamphamvu theka la ola, kenako ndimachepetsa moto mpaka nyemba izitswanyika ndikaifinya ndi zala ziwiri. Mchere sindithira, mafuta ayi, anyezi ndi adyo ayi, chifukwa ziwirizi zimaononga magazi a mbalame. Zikazizira ndimasakaniza ndi mpunga wabulauni, karoti ndi masamba odula tizidutswa. Oweta zinkhwe kuno chisakanizo chimenechi amachitcha chop. Ndimachiika m'tizibowo ta thireyi youmitsira madzi oundana, ndiye tsiku lililonse ndimangotulutsa kachibuma kamodzi n'kukasungunula.

Poto amene ndimaphikira ndi wachitsulo wamba. Mapoto osamata aja, okutidwa ndi Teflon, akapsa mopitirira amatulutsa mpweya umene ife sitiumva koma umapha mbalame mwamsangamsanga, poti mapapo ake ndi osalimba ku utsi. Munthu wophika nyemba amaiwala poto pamoto, madzi n'kuphwera, tonse tinachitapo. Ndiye a mtundu umenewo ndinawalongedza m'mwamba mwa kabati.

Za nyemba zam'chitini anthu amafunsa kawirikawiri. Zimenezo zinapsa kale kufakitale, poizoni mulibe, koma zambiri zimakhala m'madzi a mchere. Ndikapanikizika ndimasankha zolembedwa kuti zili m'madzi okha, n'kuzitsuka bwinobwino. Zija za msuzi wa tomato wotsekemera, zokhala ndi shuga ndi mchere, si za mbalame, ngakhale Captain amazilirira akaona agogo akudya.

Palinso njira yomeretsa. Mphodza, nyemba zing'onozing'ono za adzuki, ndi lentil ukaziviika n'kumazitsuka kawiri kapena katatu pa tsiku, pakatha masiku awiri kapena atatu zimatulutsa timichira toyera, ndipo oweta ambiri amazipereka chomwecho. Koma zimenezi ndi za mitundu ing'onoing'ono yokhayi. Nyemba zazikulu, zofiira, zakuda, za mawangamawanga, soya ndi lima, kumera sikuzichotsera vuto, ziyenera kuwira basi. Za lima zili ndi vuto lakelake, muli mankhwala amene amatulutsa poizoni wotchedwa cyanide zikadyedwa zaziwisi. Ine zomeretsazi ndimachita mwa apo ndi apo, chifukwa zikangoyamba kanunkhidwe kowawasa kapena kuterera ndiye kuti zagwidwa nkhungu kapena tizilombo, ndipo zonse zimapita kubini.

Mwina mukuganiza kuti nditavutika chonchi Captain anathokoza. Tsiku loyamba anayang'ana m'mbale ndi diso limodzi, anatola nyemba imodzi, anayenda nayo mpaka kumapeto kwa kamtengo, n'kuiponya pansi akundiyang'ana. Anabwerera kukatenga ina. Anachita zimenezi mpaka mbale inayera, ine ndili ndi tsache. Mbalame yomwe yadya chinthu chimodzi zaka 30 siisintha chifukwa dokotala wanena, ndipo sungaikhaulitse ndi njala kuti igonje, ikhoza kufooka usanazindikire, poti mbalame zimabisa matenda mpaka zitafika poipa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinkamuyeza pasikelo ya kukhitchini m'mawa uliwonse asanadye, n'kumalemba magalamu ake pakalendala, komanso kuyang'ana zitosi zake papepala la pansi pa khola. Ndani akanandiuza kuti ndidzakwera ndege kudzawerenga zitosi?

Amene anapeza nzeru ndi agogo. Anati, mwana wanga, ameneyu sadya chimene wapatsidwa, amadya chimene waba. Ndiye tinayamba sewero. Ndinkaika nyemba zake zopanda mchere pambale yanga, n'kukhala pafupi ndi khola, n'kumadya ndikuchita ngati ndikumva kukoma kwadzaoneni, kwinaku ndikumubisira. Sabata yachiwiri anatsika, anayenda chammbali patebulo ngati sakufuna kanthu, n'kutsomphola nyemba imodzi. Anaigwira ndi phazi lamanzere, anasenda khungu lake mosamala ndi nsonga ya mlomo, khunguyo n'kutaya, n'kudya zam'katizo. Mpaka lero amadya choncho, ndipo pansi pa khola pamadzaza makoko ofiira.

Sindimpatsa zambiri, supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri za nyemba m'chisakanizo chija, masiku atatu kapena anayi pa sabata. Akadya ndimachotsa mbale pakatha maola awiri kapena atatu, chifukwa chakudya chophika chikakhalitsa m'nyumba yotenthetsedwa chimasasa msanga. Nthenga zatsopano zimene zamera chaka chino zikuwala, ndipo sanagwenso pakamtengo, ngakhale kuti zimenezo sindinganene kuti ndi nyemba zokha, poti ma pellet ndi mankhwala a kashiamu a dokotala agwiranso ntchito yake.

Chimene sindinamukhululukire ndi ichi. Bafa la m'nyumba muno layandikana ndi chipinda chimene Captain amagona, ndipo usiku uja, pansi pa nsalu yake, sanali mtulo. Patatha masiku anayi mwana wamkazi wa agogo anabwera kudzationa ndi amuna ake. Tili pakati pa kumwa tiyi, kuchokera m'khola munamveka munthu akusanza, mawu anga enieni, mpaka ndi kakubuula kakumapeto kaja. Alendo anaika makapu pansi. Agogo anaseka mpaka misozi, n'kuyamba kufotokoza nkhani yonse kuyambira pa slow cooker. Tsopano akangoona ndatulutsa poto wa nyemba amayamba, ndipo ngati mwamva kaphokoso kenakake pamene ndimafotokoza za FDA paja, sindinakadule dala. Tidzacheza sabata yamawa, ndikaone kaye nyemba zili pamotozi.