Ndalama Ituluke, Lisiti Lilowe: Mawu kwa Ochita Malonda ku Kawale

Zikomo a tcheyamani, zikomo amfumu, ndi nonse amene mwasiya mabenchi anu kudzakhala pano. Ndikudziwa kuti malonda mwasiyira ana, ndiye sindikuchedwetsani. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Chatisonkhanitsa mukuchidziwa kale. Sabata yathayi kunayenda anyamata awiri m'mashopu a kumtundaku, atavala majekete onyezimira aja, fayilo ili kukhwapa, akuti ndi a City abwera kudzatseka mashopu opanda laisensi. Bambo wina wa golosale anamuonetsa loko, amvekere tikhoma pompano mukapanda kupereka kenakake. Anapereka. Mayi wa saluni analibe ndalama m'thumba, anamupatsa nambala kuti atumize pafoni. Dzina lomwe linatuluka pafonipo linali la munthu wamba, koma mantha, anatumizabe. Onse amene anapereka tsiku limenelo, palibe ndi mmodzi yemwe anatsala ndi kapepala m'manja.

Ndiye mawu anga lero ndi amodzi, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nawo: ndalama ituluke, lisiti lilowe. Popanda lisiti, chikwama chisatseguke.

Koma ndikutsineni khutu pang'ono, paja wakutsina khutu ndi mnansi. Anyamata aja sankalowa mwachisawawa. Ankayamba kaye ayang'ana pakhoma. Pomwe panali laisensi yopachika, ankangofunsa mtengo wa sopo n'kudutsa. Ankatera pomwe mwini wake mtima unali kale m'mwamba chifukwa akudziwa kuti pepala lake linatha chaka chatha. Wakuba wamtunduwu amadya mantha athu, ndipo manthawo timawaweta tokha.

Wantchito weniweni wa khonsolo amayenda ndi chitupa cha ntchito, chokhala ndi chithunzi chake. Kumufunsa chitupacho si mwano. Chitengeni m'manja, werengani dzina, lilembeni m'kope lanu la ngongole lija. Akakwiya chifukwa mwafunsa, mwadziwa kale kuti ndi ndani. Ngati mulidi ndi ngongole ku khonsolo, akusiyireni kalata yonena zomwe mukuyenera kulipira, inu mukalipire kwa kashiya ku Civic Offices ku City Centre, kapena ku banki mu akaunti ya dzina la khonsolo. Osati nambala ya foni ya munthu, ayi. Lisitilo musangolipinda n'kuika m'mpango. Onani kuti pali dzina la khonsolo, nambala ya lisiti, tsiku, chomwe mwalipirira, ndiponso kuti ndalama yalembedwayo ndi yomwe mwaperekadi. Ena amalandira K20,000 n'kulemba K5,000, inu osaona chifukwa makasitomala akuitana.

Inu a mumsika, chiphaso cha tsiku ndi tsiku chimadulidwa pabenchi pomwepo, zimenezo n'zoona. Komabe lamulo ndi lomwelo. Pali kachizolowezi kaja koti “ingondipatsani theka, tikiti musatenge.” Mukuseka chifukwa mukukadziwa. (Anthu akuseka.) Mukatero mwabera limodzi. Ndalama imeneyo siifika ku khonsolo, ndipo mawa ndinu nomwe mudzadandaule kuti zinyalala zaunjikana, chimbudzi chilibe madzi. Kwinanso amakupatsani tikiti ya dzulo yomwe atola pansi, ndiye muziona tsiku. Matikitiwo muzisunga m'kachitini. Tsiku lomwe kudzabuke mkangano wa benchi, kapena Mulungu atiteteze, moto utabuka mumsika n'kuyamba kulemba maina a eni malo, amene ali ndi mulu wa matikiti amayankhula mosanjenjemera.

(Mayi wina aimirira: “Pepani achimwene, ine ndili ndi kaokala pakhomo panga, puloti ndi yanga, ndipo dzina la bizinesi ndinalembetsa kale, satifiketi ndili nayo. Ndiye laisensi inanso ya chiyani? Si kutidyera kumeneko?”)

Mayi, khalani pansi, mwafunsa m'malo mwa anthu ambiri. Safunsa anadya phula. Apa ndiye pomwe pagona chisokonezo chonse, ndipo ndifatsapo.

Mapepala alipo osiyana, ndipo lililonse lili ndi khomo lake. Satifiketi muli nayoyo inachokera kwa Registrar General. Ntchito yake ndi kunena kuti dzina lakuti ndi la bizinesi ya mayi wakuti, wina asalitenge. Ili ngati kalata ya kubadwa ya mwana. Ndi imene a banki amafuna mukamatsegula akaunti ya bizinesi. Koma siikupatsani chilolezo chogulitsa pamalo. Chilolezo chimenecho ndi laisensi, ndipo malinga ndi lamulo la Business Licensing Act la 2012, Mmalawi wa bizinesi ngati yanuyo amakatenga ku khonsolo ya dera lake. Pa laisensipo amalembapo dzina lanu, mtundu wa malonda ndi malo ake. Ndiye laisensi ya golosale musaiyese chikopa cha mowa. Mowa uli ndi chiphaso chakechake. Laisensi ya shopu ya ku Kawale musakaipachike ku shopu ina ku Mchesi kapena ku Biwi. Mtengo wake umasiyana potengera mtundu wa bizinesi, choncho musamve za m'maluwa, kafunseni pa kauntala akuonetseni mndandanda. Imatha chaka ndi chaka. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2022 chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 April, osati July ngati kale, ndiye amene mudakali ndi kalendala yakale m'mutu, lero lomwe kaoneni tsiku lomwe lalembedwa pa pepala lanu.

Zoti puloti ndi yanu, palibe akutsutsa, mayi. Koma mumzinda muno malo anagawidwa, ena ndi okhalapo, ena ndi a malonda. Mukafuna kumanga shopu yeniyeni ya njerwa, kapena kusandutsa nyumba kukhala malo omwera mowa kapena chigayo, pulani iyambe yavomerezedwa ndi a zomangamanga ku khonsolo. Zimene zimalakwika kawirikawiri n'zakuti munthu amamanga kaye, kakhonde n'kulowa mu malo a msewu kapena pamwamba pa ngalande, kenako akabwera kudzalemba chizindikiro chofiira pakhoma, ndiye kuthamanga. Simenti yapita, malata apita. Mwaona nokha mmene misewu ikukulitsidwira mu Lilongwe muno.

Pepala lachitatu ndi TPIN, nambala ya msonkho ya ku MRA. Imeneyo si ya khonsolo, ndipo kuitenga salipira. Wina akakuuzani kuti mumupatse ya fanta akutengereni TPIN, akukugulitsani mpweya. Ndiye mwaona, mayi? Dzina kwa Registrar General, malo ku khonsolo, msonkho ku MRA. Akamberembere aja amasakaniza zitatuzi dala kuti mutu ukuzungulireni. Khomo lililonse lomwe mwalipirapo, ndalama ituluke, lisiti lilowe.

Tsono inu a zakudya, a chiwaya, a kanyenya, a malesitilanti, a thobwa. Kwa inu a zaumoyo amayamba adzaona malo: madzi osamba m'manja ndi sopo, chimbudzi, motaya zinyalala, chakudya chovindikira. Ogwira chakudya amayenera kukapimidwa kuchipatala n'kukhala ndi kalata yake, ndipo si bwana yekha, mtsikana wotsuka mbale uja nayenso. Musati akukuvutitsani. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe anali m'gulu la maboma omwe anakhudzidwa kwambiri, mpaka sukulu za mumzinda zinachedwa kutsegulira mu January 2023. Nthenda ikabuka, oyamba kuletsedwa kugulitsa ndi inu nomwe. Amene mumapakira zinthu m'mabotolo ndi m'mapaketi, chiponde, uchi, sopo wamadzi, khomo lanu linanso ndi a Malawi Bureau of Standards. Masikelo amawayezanso ndi iwowo, ndiye a butchala, kamwala kaja mukachotse. (Kuseka.) Majumbo opyapyala, osafika ma micron 60, ndi oletsedwa. Akakupezani nawo katoni yonse, mpamba wapita.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa. Ndithamange pa za thandizo, chifukwa uku ndi kumene anthu akuberedwanso kwambiri.

Khonsolo si banki. Thandizo lake ndi malo ogulitsira, ziphaso, ukhondo, misewu ndi ngalande. Ngongole za boma zomwe timazidziwa kuti za NEEF zili ndi ofesi yawoyawo, maphunziro a kayendetsedwe ka bizinesi ndi a bungwe la boma lothandiza mabizinesi ang'onoang'ono, lomwe tinkalidziwa kuti SMEDI. Ndiye meseji ikabwera pafoni kapena pa WhatsApp kuti mwasankhidwa kulandira ngongole, tumizani ya fomu, ifufuteni. Nambala yanu yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba musauze munthu, chitupa cha unzika musabwereketse. Ndipo ngongole ya boma si mphatso ya chipani, imabwezedwa. Musanasaine funsani zitatu: chiwongoladzanja ndi chingati, mubweza miyezi ingati, chikole ndi chiyani. Amene muli m'banki m'khonde, kope lanulo lisungeni bwino, limaonetsa kuti mumadziwa kubweza.

Nkhani ina yabwino ndi yakuti kuyambira 2020 pali lamulo lopatsa mabizinesi ang'onoang'ono mpata wogulitsa katundu ndi ntchito ku boma. Atelala, akalipentala, ogulitsa mapepala a mu ofesi, mwayi ulipo. Koma salowa wopanda satifiketi ya bizinesi, TPIN, akaunti ya banki, ndiponso kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu m'boma. Mapepala omwe mukuwathawawa ndi omwenso amatsegula khomo limenelo.

Za zidziwitso, musadalire gulu la pa WhatsApp lokha. Khonsolo imalengeza pa wailesi, m'nyuzipepala, pa tsamba lake la Facebook ndi pa bolodi la ku ofesi ya msika. Khansala tinamusankha pa 16 September 2025 kuti azitiyankhulira, ndiye madandaulo adutse ku komiti ya msika, apite kwa iye, olembedwa, kope lina litsale kwa alembi.

Mwachangu tsono, ana akudikira. Lero kaoneni tsiku pa laisensi. Ngati inatha, tengani chitupa cha unzika, laisensi yakaleyo ndi satifiketi ya bizinesi ngati muli nayo, mawa m'mawa ku Civic Offices. Lipirani kwa kashiya, tengani lisiti. Jambulani mapepala onse pafoni, fotokope ikhale kunyumba, yeniyeni pakhoma m'pulasitiki. Wachilendo akafika, chitupa kaye, itanani mnzanu woyandikana naye ndi wa komiti. Musamumenye, chonde, mlandu ungakutembenukireni, imbirani apolisi. Wantchito weniweni akapempha ya fanta, nkhani imeneyo ndi ya ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu. Ndalama ituluke...

(Anthu: “Lisiti lilowe!”)

Eya. Amene munaberedwa sabata yatha musachoke, mutsale ndi a tcheyamani, makamaka mayi aja anatumiza pafoni. Meseji ija musaifufute, nambalayo ndi imene apolisi ayambire. Alembi, kope lili kuti?