Mmene mungalondolere ndalama za boma pa misewu, zipatala ndi asilikali

Moni nonse omvera, kulikonse kumene muli. Sendezani wailesi pafupi, ndipo amene ali ndi cholembera achigwire, chifukwa lero tipatsana ntchito. Nkhani yake ndi ya ndalama zimene boma limatolera kwa ife m'misonkho, ndi ngongole zimene limatenga m'dzina lathu, makamaka zopita ku mtengatenga, ku zaumoyo ndi ku chitetezo. Mbali zitatuzi ndazisankha dala. Kumeneko n'kumene boma limagula zinthu zodula kwambiri, ndipo pogula zinthu m'pamene ndalama zimasowera.

Poyambira pake ndi apa: lekani kufunsa kuti "ndalama zathu zikupita kuti?" Funso limenelo n'lotambalala kwambiri moti nduna iliyonse imaliyankha osatuluka thukuta. Imangoti zikupita ku chitukuko, basi nkhani yatha. Inu sankhani chinthu chimodzi chimene mungathe kuchiloza ndi chala. Msewu umodzi, mlatho umodzi, chipatala chimodzi, ambulansi imodzi. Chilembeni pamwamba pa pepala. Chimodzi chokha, ndabwereza dala.

Mukatero, funafunani manambala atatu a chinthu chimenecho. Yoyamba ndi ndalama zimene nyumba ya malamulo inavomereza mu bajeti. Yachiwiri ndi ndalama zimene unduna wa zachuma unatulutsadi n'kupereka ku unduna kapena ku khonsolo yoyendetsa ntchitoyo. Yachitatu ndi ndalama zimene zinalipiridwa, ndiponso kwa yani. Anthu ambiri amathera pa nambala yoyamba, chifukwa ndi imene imalengezedwa mokweza tsiku lowerenga bajeti, anthu n'kuwomba m'manja. Koma nambala yoyambayo ndi lonjezo chabe. Kusiyana kwa yoyamba ndi yachiwiri kumakuuzani ngati boma linasunga mawu ake, ndipo kusiyana kwa yachitatu ndi zimene maso anu akuona pamalopo kumakuuzani ngati wina wadya. Awa ndi matenda awiri osiyana, musawasakanize. Chipatala chikhoza kusowa mankhwala popanda wakuba aliyense, kungoti ndalama zake sizinatuluke. Mukakuwa kuti "akuba!" pamene vuto lili ku unduna wa zachuma, mwalakwira namwino wosalakwa, ndipo woyenera kuyankha mwamusiya akupuma.

Manambala amenewa mumawapeza m'mabuku a bajeti, m'lipoti la pakati pa chaka ndi m'lipoti la kutha kwa chaka. Maboma ambiri masiku ano amaika mabukuwa pa intaneti. Ngati intaneti ikukuvutani, pitani ku ofesi ya khonsolo kapena kwa phungu wanu mukapemphe. Mabukuwo ndi aakulu, inde, koma inu mukufuna mzere umodzi wokha.

Tiyeni tiyambe ndi msewu, chifukwa msewu subisika. Pitani pamene ntchito inayambira, mukaone chikwangwani. Chikwangwani chabwino chimatchula dzina la kontilakitala, dzina la injiniya woyang'anira ntchito, kumene ndalama zachokera, mtengo wake, tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza. Chijambuleni pafoni. Ngati chikwangwani palibe, limenelo ndi funso lanu loyamba kale. Kenako pemphani kontilakiti yake, ndipo m'katimo muyang'ane zinthu izi: kutalika kwa msewu, m'lifupi mwake, kukhuthala kwa phula, ngalande ndi makalavati angati. Kutalika ndi m'lifupi mukhoza kuyeza nokha ndi tepi, makalavati mukhoza kuwerenga poyenda pansi. Funsaninso ngati ntchitoyo inalengezedwa kuti makampani apikisane, ndipo anapikisana angati. Kampani ikangopatsidwa ntchito yaikulu popanda mpikisano, payenera kukhala chifukwa cholembedwa.

Apa tcherani khutu, chifukwa pa misewu ndalama zambiri zimatayika ntchito ili m'kati. Kampani imawina ndi mtengo wotsika, kenako imabweretsa makalata oonjezera: nthaka yapezeka yovuta, zipangizo zakwera, mapulani asintha. Zina mwa zimenezi zimakhala zoona. Koma lililonse la makalata amenewa lili ndi munthu amene analisayinira, ndipo inu mufunse kuti ndani, liti, pa chifukwa chanji. Katswiri wina wa ku Denmark, Bent Flyvbjerg, ndi anzake anafufuza ntchito 258 za mtengatenga m'mayiko 20, n'kusindikiza zotsatira mu 2002. Anapeza kuti ntchito 9 pa 10 zilizonse zinadula kuposa mmene analonjezera. Njanji zinkapitirira ndi pafupifupi 45 pa 100, misewu ndi pafupifupi 20 pa 100. Ndiye mtengo wa pachikwangwani muusunge bwino, mudzauyerekeze ndi womaliza.

Chinanso chimene ambiri sadziwa: m'makontilakiti a misewu mumakhala nthawi, kawirikawiri chaka chimodzi ntchito itaperekedwa, imene kontilakitala amayenera kukonza yekha chilichonse chimene chaonongeka chifukwa cha ntchito yake yosalongosoka, ndipo boma limagwira kaye gawo la malipiro ake ngati chikole. Choncho phula likayamba kusweka mvula yoyamba, musadikire. Jambulani, lembani tsiku, kaperekeni kalata nthawi imeneyo isanathe. Ikatha, zigamba zimenezo mulipira ndinu.

Ngati ntchitoyo ndi ya ngongole, funsani pangano la ngongoleyo. Ku Kenya njanji ya kuchokera ku Mombasa kukafika ku Nairobi inatsegulidwa mu 2017, itadya madola oposa 3 biliyoni, ambiri mwa iwo obwereka ku banki ya boma la China. Anthu anakhala zaka akupempha kuona mapangano a ngongoleyo, ndipo boma la Kenya linatulutsa ena mwa mapepalawo mu 2022. Obweza ngongoleyo ndi anthu omwewo amene ankawabisira.

Tsopano chipatala. Mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa anakumana ku Abuja n'kulonjeza kuti aziika ndalama zosachepera 15 pa 100 za bajeti ku zaumoyo. Ndi mayiko ochepa kwambiri amene anafikapo pamenepo. Tengani bajeti ya dziko lanu, gawani nokha, muone pamene muli, ndipo phungu wanu akabwera mumufunse ndi nambala m'manja.

Koma ntchito yeniyeni ili pachipatala chanu chaching'ono. Mankhwala akafika amabwera ndi pepala losonyeza zimene zatumizidwa, ndipo mosungiramo mankhwala mumakhala khadi la mtundu uliwonse wa mankhwala, lolembapo olowa, otuluka ndi otsala. M'mayiko ambiri chipatala chimakhala ndi komiti ya anthu a m'deralo. Lowani m'komitiyo kapena gwirani nayo ntchito, ndipo pemphani kuti tsiku lotsitsa mankhwala pazikhala mboni ya komiti yowerenga makatoni ndi kusayinira. Yerekezani zimene chipatala chinaitanitsa, zimene zinafika, ndi zimene zalembedwa pakhadi. Onaninso mndandanda wa ogwira ntchito amene boma likuwalipira pamalopo, muufanizire ndi nkhope zimene mumaziona. Mayina a anthu amene anamwalira kapena anachoka kalekale amatha kumalandirabe malipiro. Za ambulansi, pemphani buku la maulendo ndi la mafuta.

Ndikupempheni chinthu chimodzi, abale anga: kwa anamwino ndi madokotala pitani mwaulemu. Ambiri a iwo ndi amene amavutika kwambiri mankhwala akasowa, chifukwa ndiwo amayang'anizana ndi wodwala n'kumuuza kuti kulibe. Mukawatenga ngati anzanu, adzakuonetsani okha pamene pakudontha. Ndipo mafayilo a odwala musawakhudze, amenewo ndi chinsinsi cha eni ake.

Kodi kungoika manambala poyera kumasinthadi kanthu? Mverani za ku Uganda. Kafukufuku anapeza kuti pakati pa 1991 ndi 1995, pa ndalama zothandizira kuyendetsa sukulu za pulayimale zimene boma linkatumiza, pafupifupi 13 pa 100 zokha n'zimene zinkafika kusukuluzo. Boma linayamba kulengeza m'manyuzipepala ndalama zimene latumiza ku maboma aang'ono, ndipo sukulu zinauzidwa kuti zizimata zimene zalandira pakhoma. Pofika 2001, zoposa 80 pa 100 zinkafika. Imeneyo inali nkhani ya sukulu, koma njira yake ndi yomweyo: pemphani kuti chipatala chanu chizimata pakhoma ndalama ndi mankhwala amene chalandira mwezi uliwonse.

Tifike ku chitetezo, kumene ambiri timachita mantha. Mukangofunsa, yankho limakhala lakuti zimenezo n'zachinsinsi. Ine ndikuvomereza kuti zachinsinsi zilipo: kumene asilikali ali, mapulani awo, mphamvu ya zida zina. Zimenezo musazifufuze, ndipo musajambule malo a asilikali. Koma mtengo wa nsapato, yunifolomu, mafuta, chakudya, nyumba zogona, ndi dzina la kampani yogulitsa zinthuzo, sizithandiza mdani aliyense. Zikabisidwa, woyamba kuvutika ndi msilikali wamba uja amene akupatsidwa nsapato yong'ambika.

Taonani zimene zinachitika ku Mozambique. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma anabwereka pafupifupi madola 2 biliyoni, ati zogulira maboti a usodzi ndi oteteza m'mphepete mwa nyanja, boma n'kuikira chikole nyumba ya malamulo isanavomereze. Nkhani itaphulika mu 2016, bungwe la IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama ya dzikolo inagwa, zinthu zinakwera mtengo. Akatswiri a kampani ya Kroll atafufuza anapeza madola 500 miliyoni opanda malongosoledwe. Nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo, Manuel Chang, inapezeka yolakwa m'khoti ku New York mu 2024. Mawu akuti "chitetezo" ndi amene anaphimba zonsezi. Ndipo musaganize kuti vutoli n'la mayiko osauka okha. Unduna wa zachitetezo wa ku United States unawerengedwa mabuku ake onse koyamba mu 2018, ndipo kufikira 2024 mabukuwo anali asanapezekepo olongosoka ngakhale kamodzi. Ku Ukraine, nkhondo ili m'kati, mu Januwale 2023 mtolankhani anaulula kuti unduna wa zachitetezo unagwirizana zogula chakudya cha asilikali pamitengo yokwera kwambiri kuposa ya m'masitolo, ndipo wachiwiri kwa nduna anatula pansi udindo. Ngati dziko lili pankhondo likutha kufunsa, ndiye ena tikuopanji?

Pa za chitetezo njira yanu ndi aphungu. Nyumba za malamulo zambiri zili ndi komiti yoona za chitetezo, imene ingathe kumva zachinsinsi m'chipinda chotseka. Lemberani phungu wanu mafunso awa: kodi komitiyo inaona kontilakiti yake? Kodi mkulu wowerengera chuma cha boma analoledwa kuona mabuku a asilikali? Kodi pali ngongole kapena chikole chimene nyumba ya malamulo sinavomereze? Mafunso atatuwa saulula chinsinsi chilichonse, amangofuna inde kapena ayi.

Mkulu wowerengera chuma cha boma ndamutchulayu, lipoti lake muzilifuna chaka chilichonse. Tsegulani pa unduna umene mukuutsata, muyang'ane mawu onena za malipiro opanda malisiti, katundu wolipiridwa koma wosafika, ndi ndalama zogwiritsidwa ntchito ina yosavomerezeka. Cashgate ya ku Malawi mu 2013 inali yotereyo: macheke kulembedwa kwa makampani amene sanapereke katundu aliyense. Mukatero tengani lipoti la chaka chatha, muone ngati cholakwa chomwecho chabwereranso. Chikabwereranso, dziwani kuti palibe amene analangidwa, ndipo funso lanu lipite ku komiti ya aphungu yolondoloza chuma cha boma, ija timangoti PAC: ndani anaitanidwa, ndalama zingati zinabwezedwa?

Zonse zimene mukupempha, pemphani polemba. Mayiko oposa 100 ali ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma. Werengani la kwanu, muone masiku amene ofesi yapatsidwa kuti iyankhe ndi kumene mungakadandaule ikakana. Kalata ikhale yaifupi: dzina la ntchito, chaka chake, pepala limene mukufuna. Lembani makope awiri, imodzi akudindireni chidindo ndi tsiku, muisunge. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye musadikire mlendo kuti adzakufunsireni.

Musayende nokha. Khalani gulu, mugawane: wina wa makalata, wina wa zithunzi, wina wodziwa masamu. Ku Rajasthan m'dziko la India, m'zaka za m'ma 1990, anthu a m'midzi ankaitanitsa msonkhano n'kuwerenga mokweza mabuku a malipiro a ntchito za boma pamaso pa onse, ndipo anthu ankaimirira n'kunena kuti "dzina langa lilimo koma sindinalandire." Khama lawo linathandiza kuti India ikhale ndi lamulo la ufulu wopeza uthenga mu 2005. Inunso chitani msonkhano wotere, muitane akuluakulu okhudzidwa, muwapatse mpata woyankha.

Polankhula pagulu kapena pa Facebook, nenani zimene pepala likunena ndi zimene mwayeza: kontilakiti ikuti makalavati 12, ife tawerenga 7. Musatchule munthu kuti wakuba, zimenezo musiyire khoti, kuopa kuti mlandu ungatembenukire kwa inu. Umboni wa ziphuphu ukapezeka, kauperekeni ku bungwe lothana ndi katangale, mutasunga makope kwa anthu awiri kapena atatu odalirika. Ndipo wogwira ntchito m'boma akakunong'onezani kanthu, dzina lake musalitchule kwa aliyense, ngakhale m'gulu lanulo.