Mzinga wa ku Turkey umene uli pa phiri la Portsdown

Moni nonse amene mukumvetsera, kumudzi ndi kunja kuno. Lero ndikufotokozerani za mzinga wamkuwa umene umasungidwa ku Fort Nelson, linga lakale la asilikali lomwe tsopano ndi malo osungirako zida zakale, pa phiri la Portsdown, pamwamba pa mzinda wa Portsmouth ku England, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Khomo la kumeneko ndi laulere, choncho kwa ife amene malipiro amathera ku lendi ndi kutumiza kumudzi, ndi malo abwino opitako tsiku lopuma.

Mzingawu anauumba mu 1464 mmisiri wina dzina lake Munir Ali, mu ulamuliro wa Sultan Mehmed II, mfumu ya ufumu wa Ottoman wa ku Turkey, yemwe mu 1453 anagumula malinga a Constantinople (Istanbul ya lero) ndi mizinga ya mtundu womwewu. Umalemera pafupifupi matani 17, m'litali umapitirira mamita 5, ndipo kukamwa kwake ndi kwa masentimita 63, moti mwana akhoza kukwawiramo bwinobwino. Zipolopolo zake zinali miyala yosema mobulungira. Chimene chinandiimitsa nthawi yaitali ndi chakuti anauumba m'zigawo ziwiri zimene amazilumikiza pozipotokola ngati bawuti ndi nati, ndipo m'mphepete mwa chigawo chilichonse muli mipata imene ankapisamo mitengo kuti amuna ambiri akankhe pamodzi. Mukayandikira mumaonanso zilembo za Chiarabu zotchula dzina la mfumuyo ndi la mmisiriyo.

Kwa zaka mazana ambiri unkalondera mpata wa nyanja wa Dardanelles ku Turkey. Mu 1807, zombo zankhondo za ku Britain zotsogozedwa ndi Admiral Duckworth zitadutsa pampatapo, asilikali a Ottoman anathira onga m'mizinga yakaleyo n'kuziombera, ndipo anthu anafa, ngakhale kuti zidazo zinali zitapitirira zaka 340.

Patapita zaka pafupifupi 60, Sultan Abdülaziz anapereka mzingawu kwa Mfumukazi Victoria ya ku Britain ngati mphatso, pa nthawi imene mayiko awiriwa anali atamenyera limodzi nkhondo ya ku Crimea. Ine ndimaona kuti mphatsoyo inali ndi mawu awiri, ulemu komanso chikumbutso chakuti eni ake ankadziwa kuumba zoterezi kalekale. Unakhalapo ku Tower of London, kenako anausamutsira kuno, kumene ana a sukulu amauzungulira akufunsa aphunzitsi awo kuti unafika bwanji pamwamba pa phiri.