Mfuti ya kalulu ndi .22, koma yang'anani kuseri kwake

Zikomo amfumu, zikomo nonse. Akumbuyoko sunthirani kuno, mawu anga ndi ochepa.

Za kutsidya kwa dambo mwazimva. Mayi akupeta chimanga pakhonde, anangomva phwa! padenga la khitchini, lata laboka. Woomberayo ankalonda njiwa mumtengo wa mango, ndipo mpaka lero akuti kamfuti kake sikangafike kumeneko. Kamafika. Chipolopolo cha kamfuti kakang'ono kotchedwa .22 LR sichikwana magalamu 3, koma ukachiloza m'mwamba chimapitirira kilomita, ndipo pabokosi pake analembapo chenjezo limeneli. Musanaombe, onani chili kuseri kwa nyamayo.

Wofuna kalulu, ntchenzi kapena nkhanga yoyenda pansi, .22 LR imamukwana. Inatuluka mu 1887 ku America, ndipo mpaka lero ndi imene amapikisanira pa mamita 50 ku Olympics. Siikankha phewa, siigonthetsa kwambiri, zipolopolo zake n'zotsikirako mtengo, ndiye munthu amaphunzira osalira m'thumba. Koma kupitirira mamita 70, chipolopolo chimayamba kugwa, mumangovulaza nyama n'kukafera kutchire. Ilipo mfuti ina, .17 HMR ya mu 2002, yothamanga kuwirikiza kawiri, yowongoka patali, koma imaphwanya nyama. Kalulu wake mukadya msuzi wokha. Wongofuna kusewera ndi zitini, mfuti ya mpweya ya 4.5 mm yakwana, bola kuseri kukhale chulu. Anyamata inu, ndakuonani mukuchalira mabotolo pamwala wa kudambo uja. Chipolopolo chikamenya mwala kapena madzi chimanjanja n'kulowera kwina. Lekani zimenezo.

(Agogo ena: "Nanga .303 ya malemu achimwene anga, siingagwire zonsezi? Yaikulu ndiye yabwino.")

Agogo, mwafunsa bwino, ambiri amaganiza choncho. .303 inali mfuti ya asilikali a Britain, anaipangira nkhondo. Kuombera nayo kalulu kuli ngati kupha nyerere ndi musi: ndiwo simupeza, ndipo chipolopolo chimaboola kaluluyo n'kupitirira makilomita angapo, kumene kuli ana obwera kusukulu ndi amayi otola nkhuni. Komanso agogo, ndinene mwaulemu, chiphaso chinali cha malemuwo, sichilowa chokolo. Mfutiyo mupite nayo kupolisi akakuuzeni zochita. Zipolopolo zogona zaka m'denga, zochita dzimbiri, musaziyese n'komwe. Za gogodela ndiye sindiyamba, ena muno mukudziwa zala zimene anadula. Yaikulu kapena yaing'ono, funso ndi lomwe lija: kuseri kuli chiyani?

Ndaona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, ndithamange. Chiphaso cha mfuti ndi kupolisi. Chilolezo chosakira ndi china, chimachokera ku nthambi yoona za nyama zakutchire, ndipo m'paki, kaya Kasungu kaya Liwonde, musapondemo ndi mfuti. Werengani nambala yolembedwa pampope wa mfuti, mugule zipolopolo za nambala yomweyo; .22 LR ndi .22 WMR n'zosiyana, musasakanize. Mbalame ya mumtengo isiyeni, kapena mudikire itere pansi pomwe kuseri kuli dothi. Mowa ndi mfuti ayi. Pofika kunyumba chotsani zipolopolo, mfuti muikiyire pena, zipolopolo pena, kiyi asamudziwe mwana.

Amfumu, ine ndalekera pomwepa. Ofuna kuona kusiyana kwa makoko a zipolopolozi abwere, ndabweretsa opanda kanthu.