Chifukwa Chake Mbale Yamtengo Imang'aluka

[Patebulo pali mbale ziwiri zamtengo, imodzi yang'aluka]

Taonani mbale ziwirizi. Zonse ndi za chipika chimodzi, ndipo ndinayamba kuzisema tsiku limodzi pa makina ozungulitsa mtengo aja amati lathe. Iyi ili bwinobwino. Iyi inang'aluka pasanathe mwezi, mng'alu wake mpaka kulowetsa chala. Chinaiwononga ndi madzi.

Mtengo wongodula kumene umakhala wodzaza madzi, moti mitengo ina theka la kulemera kwake ndi madzi okhaokha. Madzi oyamba kutuluka savuta. Mavuto amayamba chinyezi chikatsika pansi pa 30 peresenti, chifukwa apo ndiye mtengo umayamba kunyala, ndipo umanyalabe mpaka utafika pakati pa 6 ndi 12 peresenti, pomwe matabwa a m'nyumba amakhazikika.

[Kamera iyandikire mizere yozungulira ya pa chipika]

Koma mtengo sunyala mofanana mbali zonse. M'litali mwake susintha kwenikweni. Motsata mizere yozungulirayi umanyala pafupifupi kawiri kuposa momwe umanyalira kuchokera kukhungwa kulowera pakati. Ndiye mbali ina ikukoka mwamphamvu, ina ikukana, ndipo kukokanako kumathera apa, pakatikati penipeni pa mtengo. Mbale yong'alukayi ndinasiyamo kamtima aka. Ndinkafuna ikhale yaikulu, ndi umbombo basi. Kenako ndinaiika padzuwa kuti iume msanga, zomwe zinangomalizitsa.

Amisiri amati mbale isemedwe kawiri. Choyamba, ng'ambani chipika m'litali ndipo chotsani kamtima kaja konse, musakamvere chisoni. Kenako semani mtengo ukadali wauwisi. Nthawi imeneyi ndi yokoma zedi: tchizilo chimangoyenda ngati mukupala sopo, fumbi kulibe, kungoti madzi amakuthovukirani kumaso. Musamalize. Siyani khoma lochindikala gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwa mbaleyo. Ngati kukamwa kwake ndi masentimita 30, khoma likhale masentimita atatu, kuyambira m'mphepete mpaka pansi. Pansi pakanenepa kuposa m'mbali, m'mbali mumauma msanga ndipo mng'alu umabwera.

Pa mbale yotere yambitsani makina pang'onopang'ono, chipika chosalingana chimagwedeza makina onse. Chikalingana, kuzungulira ka 500 mpaka 750 pa mphindi n'kokwanira. Valani chotchinga nkhope yonse, ndipo malaya a manja olendewera avuleni.

[Akupaka phula pa mbale]

Mukatero pakani phula kapena penti pa mbali ziwiri izi, pomwe ulusi wa mtengo wadukira. Madzi amathamangira kutulukira pamenepa, ndiye tikufuna kuwachedwetsa. Ikani mbaleyo m'thumba la pepala pamodzi ndi zopalapala zake zomwe, muisiye pamthunzi popanda mphepo yambiri. Thumba la pulasitiki ayi, mbale imachita nkhungu.

Tsopano dikirani. Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amagwa ulesi, poti m'kalasi anazolowera kubwerera kunyumba ndi chinthu chomalizika tsiku lomwelo. Kwa thabwa wamba, lamulo lakale limati chaka chimodzi pa masentimita awiri ndi theka a kuchindikala. Mbale yokumba kale imafulumirako, miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira. Musadalire kalendala: iyezeni pa sikelo mwezi uliwonse, mulembe kulemerako pansi pake ndi pensulo. Manambala akasiya kutsika, yauma.

Mudzaipeza itapotoka ngati dzira. Musadandaule, khoma lochindikala lija linali la zimenezi. Ibwezereni pa makina, noolani tchizilo chifukwa mtengo wouma umabunthitsa msanga, valani chotchinga mphuno, muiseme kachiwiri mpaka khoma litsale sentimita imodzi kapena kucheperapo. Sandipepa ndi mafuta zibwere pambuyo.

Mu vidiyo yotsatira tibwezera pa makina mbale iyi, yomwe yatha miyezi iwiri sikelo isakusuntha.