Madola 11 biliyoni a hockey: ndani akulipira ku Canada?

(Pakanema: bwalo la ayezi, osewera akutsetsereka ndi ndodo m'manja.)

Moni nonse amene mukutionera. Lero tipite ku Canada, dziko limene m'nyengo yozizira madzi a m'nyanja amauma gwa, ana n'kumasewera pamwamba pake. Masewera amene amawagwira mtima kumeneko ndi hockey wa pa ayezi, ndipo ligi yake yaikulu ndi NHL, ya matimu 32. Asanu ndi awiri ndi a ku Canada, otsalawo ndi a ku America. Koma nkhani yathu si ya zigoli. Ndi ya ufulu woonetsa masewerawa pa wailesi ya kanema: amaugula ndani, pa mtengo wanji, ndipo ndalamazo zimachokera m'thumba la yani.

Ligi ndiyo mwini wake wa masewera. Wailesi ikafuna kuwaonetsa, imalipira ligiyo, ndipo ligi imaletsa ena onse kuwaonetsa m'dera limenelo. Wailesiyo imabweza ndalama zake kudzera mwa otsatsa malonda komanso mwa anthu olipira mwezi ndi mwezi. Amene mumalipira DStv kuti muonere mpira wa ku England pa SuperSport, nkhaniyi mukuidziwa kale.

Ku Canada kuli pulogalamu yotchedwa Hockey Night in Canada. Inayamba kumveka pa wailesi mu 1931, muulutsi wake ali Foster Hewitt, ndipo mu 1952 inafika pa kanema wa CBC, wailesi ya boma imene aliyense amaigwira osalipira. Kwa zaka zoposa 60, Loweruka madzulo banja lonse linkakhala pamodzi kuonera, agogo ndi adzukulu omwe. Ndalama za otsatsa malonda pa pulogalamuyi zinkathandiza CBC kukonza mapulogalamu ena.

(Pakanema: chizindikiro cha Rogers ndi chaka cha 2013.)

Zinthu zinatembenuka mu November 2013. Rogers Communications, kampani ya mafoni, intaneti ndi kanema, eni ake a tchanelo cha zamasewera cha Sportsnet, inagula ufulu woonetsa NHL m'dziko lonse kwa zaka 12 pa madola a ku Canada 5.2 biliyoni. Pa chaka ndi madola oposa 430 miliyoni. TSN, ya kampani ya Bell, imene inkaonetsa masewera ambiri a m'kati mwa sabata, inangotsala kukamwa yasa. Mbali ya Chifalansa, ku Quebec, Rogers inagulitsako ufuluwo kwa TVA Sports.

Nanga CBC? Apa ndi pamene ine mtima umandiwawa. Masewera a Loweruka anapitirirabe kuoneka pa CBC, dzina la pulogalamu silinasinthe. Koma wosankha aulutsi anakhala Rogers, ndipo ndalama za otsatsa malonda zinayamba kupita kwa Rogers. CBC inasiya kulipira ufuluwo, inde, n'kupatsidwa mpata wolengezera mapulogalamu ake masewera ali m'kati. Komabe pulogalamu imene inailera kuyambira ili khanda inakhala ya eni ena. Woonera wamba sakanazindikira msanga, chifukwa akatsegula kanema Loweruka ankapezabe masewera pamalo pomwe paja.

Wogula ufulu wotere amakhala akubetcha. Rogers inkayembekezera kuti matimu a ku Canada azifika patali, chifukwa anthu a ku Canada amaonera kwambiri kukakhala kuti timu yakwawo ikusewera. Ndiye taonani zimene zinachitika mu 2016: matimu onse asanu ndi awiri analephera kulowa m'ndime yolimbirana chikho cha Stanley Cup, zinthu zimene zinali zisanachitikeponso chichokereni 1970. Oonera anachepa, koma ndalama zopita ku NHL zinayenera kulipidwa zonse. Ndipo pofika mu 2025, timu yomaliza ya ku Canada kutenga chikhochi inali Montreal Canadiens, mu 1993.

Ku America nkhani inayenda mwina. Sizoni yonse ya 2004 mpaka 2005 sinaseweredwe chifukwa cha mkangano wa malipiro pakati pa eni matimu ndi osewera. Masewera atabwerera, ESPN inawataya, ndipo NBC inkawaonetsa osalipira chilichonse poyamba, n'kumangogawana phindu ndi ligi. Mu 2011 NBC yomweyo inavomera kulipira madola a ku America 2 biliyoni pa zaka 10, ndipo kuyambira 2021 ufuluwu uli m'manja mwa ESPN ndi TNT kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

Mwina mukufunsa kuti osewera zimawakhudza bwanji. Zimawakhudza kwambiri. Kuyambira 2013, osewera ndi eni matimu amagawana pakati ndi pakati ndalama zimene hockey imabweretsa. Timu iliyonse ili ndi malire a ndalama zimene ingalipire osewera ake onse pa sizoni, ndipo malirewo amakwera ndalama za ligi zikakwera. Mu 2005 anali madola a ku America 39 miliyoni. Mu sizoni ya 2024 mpaka 2025 anali 88 miliyoni. Ndiye mgwirizano wa kanema ukasainidwa, wosewera amadziwa kuti nayenso zake zayera.

(Pakanema: bambo atakhala pampando, rimoti m'manja.)

Tsopano tiyeni tilowe m'nyumba ya wochemerera Ottawa Senators mu sizoni ya 2024 mpaka 2025. Loweruka masewera ali pa Sportsnet kapena CBC. M'kati mwa sabata ambiri ali pa TSN, chifukwa kupatula ufulu wa dziko lonse, timu iliyonse imagulitsanso ufulu wa m'dera lake payokha. Likafika Lolemba, masewera ena ali pa Prime Video ya Amazon, imene inagulako kwa Rogers kwa sizoni ziwiri. Timu imodzi, malo olipira atatu. Ndipo mchemwali wake amene anasamukira ku Vancouver akatsegula tchanelo cha TSN choonetsa masewera a m'dera la Ottawa, amapeza atsekeredwa, chifukwa iye ali kunja kwa deralo. Kwa ine ichi n'chosalungama. Munthu walipira kale, timu amaikonda kuyambira ali mwana, koma azichita kufufuza tsiku lililonse kuti lero masewera ali kuti.

Ngakhale panali zovuta zonsezi, Rogers sinabwerere m'mbuyo. Masiku ano anthu amaonera mafilimu ndi masewero nthawi imene afuna, n'kumadumpha zotsatsa malonda. Masewera a pabwalo okha ndiwo munthu amafuna kuwaona pomwe akuchitika, ndipo n'chifukwa chake mtengo wake ukungokwera. Mu April 2025, Rogers ndi NHL, pansi pa mkulu wake Gary Bettman, analengeza mgwirizano watsopano: zaka zina 12 kuyambira sizoni ya 2026 mpaka 2027, pa madola a ku Canada 11 biliyoni, kuposa kuwirikiza kawiri mtengo wa 2013. Pa chaka ndi madola oposa 900 miliyoni, ndipo kampaniyi iyenera kuwapeza kwa otsatsa malonda, kwa mawailesi ena amene ingawagulitseko masewera, ndi kwa mabanja olipira mwezi ndi mwezi mpaka 2038.