Kwa anzanga ojambula: mtengo, dipoziti ndi kulemberana

Moni nonse anzanga aluso, akuluakulu ndi achinyamata omwe. Ndati ndiyankhe ndi mawu chifukwa mafunso amene mwanditumizira ndi ambiri, ndipo pafupifupi onse akubwerera pa nkhani imodzi, ya mtengo wa chithunzi chojambula pamanja ndi momwe mungalandirire ndalama zanu osakangana ndi kasitomala.

Choyamba ndi dipoziti. Ayi, ndisanafike pa dipoziti ndiyambe ndi mtengo, chifukwa simungapemphe theka la ndalama imene inu eni simukuidziwa. Tengani kope ndipo mulembe zonse zimene zalowa m'chithunzicho: nsalu, penti, vanishi, matabwa a fulemu pamodzi ndi ndalama ya kalipentala, ngakhalenso ya minibasi imene mwakwera kuchoka ku Area 25 kapena ku Kawale kukagula zinthuzo m'tauni. Mukatero muwerenge masiku amene mwagwira ntchitoyo, ndipo tsiku lililonse mulipatse mtengo wake. Mmisiri womanga nyumba amadziwa kuti tsiku lake ndi ndalama zingati, ndipo sachita manyazi kutchula, choncho inunso musachite manyazi. Pamwamba pa zonsezo muikepo phindu. Ndalama imene yatuluka pamenepo ndiyo malire anu, ndipo munthu akamanenerera, monga zimakhalira pa msika wa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town, mungatsitse pang'ono koma musadutse malirewo.

Ndionjezepo kuti mtengo usamasinthe poona nsapato kapena galimoto ya wogula. Anthu amene amagula zojambula muno mu Lilongwe ndi ochepa ndipo amadziwana, amachezerana m'nyumba zawo ku Area 10 ndi ku Area 43, ndiye wina akamva kuti mnzake anagula chithunzi chofanana pa theka la mtengo, onse awiri mwawataya.

Tsopano dipoziti. Munthu akakupatsani oda, kaya ndi chithunzi cha ukwati, kaya cha kholo lake limene linatisiya, kaya chachikulu chopachika mu ofesi, musagwire burashi asanapereke theka la ndalama. Ndikuti theka, ndipo lifike m'manja mwanu kapena pa foni yanu, osati lonjezo lakuti abwana akasayina mawa. Pamenepa ndikhalapo pang'ono chifukwa ine zinandigwera. Chakumapeto kwa 2023 ofesi ina inandipatsa oda ya chithunzi chachikulu, tinagwirizana mtengo pakamwa, ndipo anati ndalama zidzatuluka ntchito ikatha. Mu November chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo popeza penti wabwino ndi maburashi zimachokera kunja, mitengo m'masitolo inakwera ntchito ili pakati. Amene ndinagwirizana nawo anali atasamutsidwa, ndipo amene analowa m'malo mwawo anandifunsa pepala losonyeza zimene tinapangana. Sanalakwe kufunsa, chifukwa ofesi imayenda ndi mapepala. Ndalama ndinalandira patapita miyezi, pa mtengo wakale, ndipo inangokwanira kubweza zipangizo.

Ndiye mverani bwino dongosolo lake. Lembani koteshoni, ndipo pa koteshonipo pakhale kukula kwa chithunzi m'masentimita, mtengo, tsiku lomaliza ntchito, ndi mawu akuti mtengowu ugwira ntchito kwa masabata awiri okha. Mawu amenewo a masabata awiri musawaiwale, chifukwa ndi amene amakutetezani mitengo ikasintha. Dipoziti ikangolowa, tsiku lomwelo pitani mukagule zipangizo zonse za ntchitoyo, musasunge ndalamayo kuti mudzagula sabata ya mawa, ndipo musayambe mwalipirira lendi. Ngati ndi kampani kapena bungwe, pemphani LPO, lomwe ndi pepala lawo lotsimikizira kuti akupatsani oda, ndipo ambiri adzakufunsani TPIN, nambala ya wolipira msonkho ya ku MRA, choncho ndi bwino kukhala nayo kale.

Ndikudziwa kuti wina akufunsa kuti nanga akakhala malume ake, kapena abusa a kumpingo kwawo, awauza bwanji za dipoziti. Auzeni mwaulemu kuti, "Abusa, ndalama imeneyi ndi yogulira nsalu ndi penti, ntchito siingayambe popanda zimenezo." Palibe munthu wamkulu amene angakhumudwe ndi mawu otere. Ndipo kulemberana sikutanthauza kuti mupite kwa loya ayi. Uthenga wa pa WhatsApp wonena zimene mwagwirizana, iwo n'kuyankha kuti avomera, ndi umboni wothandiza, bola musaufufute.

Pali mnyamata wina waluso kwambiri pa zithunzi za pensulo ndi makala amene ndinamuuza zimenezi, koma anaona ngati ndikumuphunzitsa kukayikira anthu. Anajambula chithunzi cha mayi wina amene anamwalira, anakapereka kunyumba kwa mwana wawo, ndipo anauzidwa kuti ndalama ilowa madzulo. Madzulo anamutumizira chithunzi cha uthenga wooneka ngati ndalama yatumizidwa, iye n'kukhulupirira, koma mu akaunti munalibe kanthu. Mpaka lero akuyendera ndalama imeneyo. Chonde, kaya ndi Airtel Money kaya ndi Mpamba, onani balansi pa foni yanu inu eni, ndipo chithunzi chichoke m'manja mwanu theka lotsalalo litalowa. Ndibwerezenso: theka poyamba, theka popereka, ndipo pasakhale gawo lachitatu lodzatenga kumapeto kwa mwezi.

Ndabwerera pang'ono, ndinadumpha chinthu china. Musanapake penti, muonetseni kasitomala sikechi kuti avomereze, ndipo mugwirizane kuti angasinthitse kangati. Ine ndimalola kawiri, kachitatu amalipira. Mukapanda kutero mudzakonza mphuno ya munthu mmodzi mwezi wathunthu, chifukwa aliyense wa m'banjamo amakumbukira nkhope ya malemuyo mosiyana.

Za kusiya zithunzi m'masitolo a zaluso, m'malodji ndi m'malo odyera kuti akugulitsireni, njirayo ndi yabwino ndipo yathandiza ambiri. Koma lembani mndandanda wa zimene mwasiya, chilichonse ndi mtengo wake ndi gawo limene eni malo adzatenge, asayine, inunso musayine, aliyense asunge pepala lake. Mufunsenso kuti chithunzi chikanyowa kapena chikasowa alipira ndani. Muzipitako mwezi uliwonse kukaona, osadikira kuti akuimbireni.

Nkhani ina ndi ya umwini. Munthu akagula chithunzi chanu n'kufuna kuchisindikiza pa makalendala, pa malaya kapena pa chikuto cha buku, imeneyo ndi nkhani yapadera ndipo ikhale ndi mtengo wake, yolembedwa pa koteshoni yomweyo. Dziko lino lili ndi lamulo la zaumwini wa ntchito zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA, loona za umwini umenewu, lili konkuno ku Lilongwe, pitani mukafunse kuti akufotokozereni ufulu wanu. Musaiwale kusayina chithunzi chilichonse ndi kuchijambula pa foni chisanachoke, panja pamthunzi, kuwala kukhale kokwanira, osati usiku ndi tochi.

Pomaliza, kwa inu amene mumagulitsa kwa alendo, makamaka m'miyezi yopanda mvula pamene amabwera ambiri, muzikhala ndi zithunzi zing'onozing'ono zolowa m'chikwama, chifukwa munthu wokakwera ndege ku Kamuzu International Airport safuna kunyamula fulemu yaikulu. Akakonda chachikulu, chichotseni pa fulemu, muonetsetse kuti chauma bwinobwino, ndipo pochipinda ngati mpukutu mbali ya penti ikhale kunja kuti isang'ambike. Mukachiika mu paipi ya pulasitiki, muikemonso kapepala ka dzina lanu ndi nambala yanu ya foni.